Zovala Zoyera pa Maliro a Ba Cephas

"Uyu mwenye abwela ku ukwati kapena?" Bornwell, ataima pakhomo pa nyumba, anafunsa mokweza dala kuti tenti yonse imve.

Pageti panaima Ba Desai, eni sitolo ya nsalu ku Kamwala kumene malemu Ba Cephas, bambo ake a Bornwell, ankagwira ntchito mpaka sitiroko itawagwetsa. Anthu onse pamaliropo anali m'zakuda ndi zitenje, koma nkhalambayo inali mbee kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi. Bokosi linali m'nyumba, lole yopita kumanda ikudikira panja.

"Nifuna chabe kunyamulako bokosi," anatero Ba Desai. "Kufika pa lole."

"Imwe? Si ndimwe munabatenga batate kukashoka mtembo wa bakazi banu? Mkhristu kunyamula munthu kupita naye ku moto! Mulungu sasekewa. Dzanja lamene linanyamula ndiye linafota. Kwanu muti ni karma, si so?"

Mawu amenewa sanali atsopano. Bornwell ankawanena kutchalitchi kwake, ndipo ankawanenanso pambali pa bedi, bambo ake akumva koma lilime litakana. Mnyamata wa pakamwa ngati ameneyu komboni yonse ya George inalibe.

Ba Eneless, mkazi wa malemu, anatuluka m'nyumba atagwira chitseko. Namfedwa satuluka chisawawa, choncho nyimbo ya azimayi inadukira pakati.

"Iwe mwana, wanichititsa manyazi pakwana. Voyera ndiye vovala va malilo kwao. Batate bako banabwereka shati yoyera tsiku lija la malilo ya bakazi bao, iwe unali kuti?"

Ba Desai anapukusa mutu pang'onopang'ono. Sanakwiye, ndipo zimenezo n'zimene zinapweteka kwambiri.

"Karma si chikwapu chomenyela odwala, mwana wanga. Ni nchito yamene munthu acita. Ine na Cephas tinakangana zaka na zaka. Cephas akuti Mulungu akhululuka, ine nikuti chilichonse chibwelela. Sitinamvane olo tsiku imozi. Koma mkazi wanga atafa, bana banga banali kunja kwa dziko. Pafunika mapewa anayi. Tinali batatu."

Mkulu wa mpingo anaweramira pansi, ena n'kumakanda m'mutu. Bornwell anamva manyazi akumutentha m'makutu mpaka m'khosi, pakuti pa miyezi yonse ya matendayo dzanja lofotalo sanaligwirepo n'kamodzi komwe. Ankangolilozera chala.

Anasuntha pakhomo.

Azibambo a mpingo analowa, Ba Desai pambuyo pawo. Atafika pa bokosi, nkhalambayo inawerama movutikira, n'kuvula nsapato zake, n'kuziika bwinobwino pakhoma.

"Kubwalo kuli myala, tate," Ba Eneless anawachenjeza. "Muzazipweteka."

"Tsiku lija palibe anamuuza Cephas kuti avule," anayankha. "Anaona chabe mapazi athu."

Anagwira chogwirira cha kutsogolo. Bokosi linapendekeka pang'ono chifukwa nkhalambayo inali yaifupi, mphamvu zitatha. Bornwell anayang'ana mapazi otuwawo akuponda miyala ya pabwalo, kenaka anagwada pakhomo pomwepo, anthu onse akuona, n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zake.