Anasiyana Miyezi Isanu

Ine ndi achemwali anga tinabereka chaka chimodzi, iwo mu Febuluwale, ine mu Julayi. Anyamata athu anakulira nyumba imodzi, ndipo anagwidwanso limodzi, atatulutsa mabatire awiri a galimoto pa zenera la galaja ya eni ake. Wa achemwali anali atangokwanitsa zaka 18. Wanga anali asanafike.

Kupolisi anawalemba onse kuti ndi akuluakulu, poti wangayo ndi wamtali, ali ndi tindevu. Ndinathamangira kunyumba n'kukhuthulira sutikesi yonse pabedi, mpaka ndinapeza khadi lake la kusikelo, long'ambika m'mbali.

Wapolisi wamkazi analiyang'ana nthawi yaitali.

"Uyu ndi mwana," anatero. "Mlandu wake ukazengedwa kubwalo la ana."

"Nanga wangayu?" anafunsa achemwali.

"Wanu ndi munthu wamkulu, mayi."

"Wamkulu pati? Ngakhale kolala ya malaya ake ndimamuchapira ndine."

Apolisi anandipatsa wangayo tsiku lomwelo kuti ndikamusunge kunyumba. Mkulu wakeyo anatsala m'chitokosi.

Patapita masiku, kunabwera mayi wa ku ofesi yoona za ana. Anaona pomwe mnyamatayo amagona, n'kufunsa za makope ake ndi za bambo ake. Mlandu utaimitsidwa kachiwiri, mtima wanga unali m'malere. Ndinamufunsa mayiyo ngati mwanayo sadzamusamutsira kwa akuluakulu Julayi akakwana.

"Timaona zaka zomwe anali nazo tsiku lolakwalo," anandiuza.

Ndinamva, koma m'mawa uliwonse ndinkaimabe pa kalendala n'kumawerenga masiku.

Bwalo la analo linali kachipinda ka tebulo limodzi, chitseko chotseka. Woweruza anakhala moyang'anizana ndi mwana wanga, n'kumamufunsa mofatsa ngati wamva zomwe zanenedwa. Ine ndinali pambali pake, bondo lake likugunda langa. Analamula kuti abwerere kusukulu, azikasesa kugalaja kuja Loweruka lililonse, ndipo mayi uja azimuyendera chaka chonse.

Lachinayi lake tinapita ku mlandu wa mkulu wake. Holo inali yodzaza ndi anthu odikira milandu ya abale awo. Anamulowetsa atamumanga unyolo umodzi ndi bambo wina wa imvi, ameneyo wa mlandu wobaya munthu. Nkhope inali itagwa, milomo itauma. Atafunsidwa ngati akuvomera, anayang'ana amayi ake, koma iwo anali kutali, benchi lachisanu. Anavomera. Sipanathe mphindi khumi: chaka chimodzi kundende. Wina kumbuyo kwathu ankasenda nthochi.

Panjira achemwali sanalire. Ankangopinda ndi kupindula mpango wawo.

Titafika, tinapeza wanga atakhala pakhonde, atavala yunifolomu.

"Mayi aakulu, zatha bwanji?"

Achemwali anamudutsa n'kulowa kuchipinda. Ine ndinamuuza. Iye anati, "Koma pazenera ndinalowa ndine, amayi. Iye ankangolandira."

Ndinayang'ana kuchitseko cha achemwali. Chinali chosatseka bwino.

"Tsitsa mawu," ndinatero.

Lamlungu achemwali analongedza sopo, bulangete ndi mankhwala a chifuwa. Wanga anapempha kuti awanyamulire chikwama mpaka kundendeko.

"Ukafike pa siteji pokha," anatero. "Kumeneko usakapondeko."