Nambala Yachiwiri

Getrude sankafuna za ndale. Anabwera ku Perth, mzinda wa kutsidya kwa nyanja, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, anapeza unzika, iye ndi mwamuna wake Norman anagula nyumba ku Canning Vale, ndipo kwa iye zimenezo zinali zokwanira. Chimene chinamulowetsa m'zisankho za khonsolo ndi zomwe zinachitikira Norman pakhomo pawo penipeni.

Norman ankayendetsa malole ku Kewdale. Tsiku lina masana atabwerako ku ntchito anapeza kuti makiyi a nyumba wawaiwala ku depoti. Getrude anali pa shifiti, ana ali kusukulu. Anazungulira kumbali kwa nyumba kukayesa chitseko cha kukhitchini. Asanachigwire n'komwe, galimoto ya alonda a khonsolo inaima pageti. Munatuluka anyamata awiri oti akanatha kukhala ana ake. Anamufunsa chimene ankafuna pamenepo. Iye anati ndi kunyumba kwake. Anamuuza kuti akhale pansi m'mphepete mwa msewu kufikira atatsimikiza. Norman, bambo wa imvi, ali mu yunifolomu ya kuntchito, anakhaladi pansi pa simenti yotentha, anthu oyandikana nawo akusuzumira m'makatani. Alondawo ataona laisensi yake yokhala ndi adilesi ya nyumbayo, anangoti pali wina amene anawaimbira foni, n'kukwera galimoto yawo. Palibe anati pepani.

Norman sanafune kuti nkhaniyo ipite patali. Getrude anaipititsa. Anadandaula ku khonsolo, anamuyankha kuti alonda anatsatira ndondomeko. Anapita ku msonkhano wa makhansala pa nthawi imene anthu wamba amaloledwa kufunsa mafunso, nafunsa kuti ndondomeko yake ndi iti imene imakhazika munthu pansi pakhomo pake. Wapampando anamuthokoza chifukwa cha funsolo, n'kuitana wotsatira.

Akutuluka, bambo wina wamtali, wadazi, anamuthamangira panja. Anali Greg Pellow, khansala wa dera lawo, amene anakhala pampandowo zaka zambiri.

"Mwayankhula bwino kwambiri, mayi," anatero m'Chingerezi. "Khonsolo ino ikufunika anthu ngati inu. Bwanji muime pa chisankho chikubwerachi?"

Getrude anaseka. "Ndiime polimbana ndi inu?"

"Demokalase ndi imeneyo. Ndikuthandizani ndine."

Anamuthandizadi. Anamuonetsa mmene amalembetsera, anamupezera wojambula zithunzi, anamusindikizitsira mapositala. Anangopempha chinthu chimodzi chokha. Pa zisankho za khonsolo munthu amalemba manambala pa mayina a oima: wani kwa amene wamukonda, thu kwa wotsatira. Ngati wako woyamba watsalira kumbuyo, voti yako imasamukira kwa wachiwiriyo. Pellow anati: "Muziwauza anthu anu alembe wani pa inu, thu pa ine. Mukapambana, ndi bwino. Mukalephera, nkhani yanu ndiinyamula ndine." Woima wachitatu anali mayi wina, Karen Voss, mphunzitsi amene anthu ambiri a nyumba zatsopano ankamukonda. Getrude sankamudziwa, ndipo sanafunse zambiri.

A Overstone, mkulu wa mpingo wawo amenenso anali wapampando wa bungwe la Amalawi, anasangalala koposa onse. Pellow anali atawalonjeza kuti holo ya khonsolo, imene mpingo unkaipempha chaka ndi chaka n'kumauzidwa kuti ng'oma zimasokosa, adzapatsidwa Lamulungu lililonse.

"Mlongo wanga, uyu ndi mzungu wathu," ankatero a Overstone. "Timugwire ndi manja awiri."

Getrude anayenda. Akaweruka ku ntchito miyendo itatupa, ankavala nsapato zina n'kuyamba kugogoda m'makomo. Anapita ku mipingo ya Amalawi, ya a ku Zambia, ya a ku Zimbabwe, ya a ku South Sudan. Anapita ku msika waukulu wa zamasamba kukayankhula ndi amayi olongedza makatoni pa nthawi ya tiyi. Mapepala ovotera amabwera pa positi, ndipo ambiri ankangowaponya m'bini limodzi ndi zotsatsa malonda, poti pa chisankho cha khonsolo palibe amakulipiritsa ukapanda kuvota. Iye ankawatola m'bini momwemo, n'kuwakhazika eni ake pa tebulo. Kulikonse ankamva nkhani zofanana ndi ya Norman: wina anatsatidwa m'paki ali ndi ana ake, wina anafunsidwa ngati galimoto imene ankatsuka inali yakedi, atsikana a kwaya anathamangitsidwa pabwalo la masewera chifukwa anali ambiri. Ndipo kulikonse ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Wani pa ine, thu pa a Pellow."

Mapepala atafika kale m'makomo, bungwe la eni nyumba m'deralo linakonza msonkhano woti oima onse atatu akayankhe mafunso. Unali Loweruka masana. Holo inadzaza, ambiri azungu achikulire. Anthu akuda anali mzere umodzi wokha kumbuyo, poti ambiri anali ku shifiti. Norman anabwera, a Overstone anabweranso atavala suti. Getrude anakhala kutsogolo pakati pa Pellow ndi Voss.

Anafunsa za mabini, za mitengo, za magalimoto othamanga pafupi ndi sukulu. Kenako bambo wina wa kabudula anaimirira.

"Tisazembe nkhani," anatero. "Dera lino lasintha. Kupaki kwadzaza magulu a anyamata a ku Africa. Mkazi wanga amaopa kuyenda ndi galu. Mudzachitapo chiyani?"

Voss ananena zambiri zopanda mutu za kumvetsetsana. Pellow anatenga maikolofoni mosafulumira.

"Ndikumva nkhawa yanu, ndipo si inu nokha," anatero. "Mukandisankhanso, magalimoto a alonda awonjezeredwa. Ndipo ndikufuna alonda athu akhale omasuka kuimitsa ndi kufunsa aliyense amene akuoneka kuti si wa mumsewu umenewo. Sindipepesa kwa wina aliyense pa zimenezi." Anthu anaomba m'manja. Kenako anatembenukira kwa Getrude, namugwira pamkono. "Ngakhale mnzanga Getrude pano, ine ndi iye timagwirizana kuti chitetezo n'chofunika."

Getrude anachotsa mkono wake. Anayang'ana kumbuyo kwa holo, anaona Norman atazolika.

"Munthu amaoneka bwanji kuti si wa mumsewu umenewo, a Pellow?" anafunsa. Mawu ake anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Tiuzeni. Amavala chiyani? Amayenda bwanji? Mwamuna wanga ali apo. Anakhazikidwa pansi pakhomo pa nyumba imene akuilipira ndi thukuta lake. Munamva nkhani yake ndi makutu anu, munati n'zochititsa manyazi. Lero mukuti muwonjezera. Ndipo inu bambo, anyamata mukuwanenawo ndi ana athu, amasewera mpira akaweruka kusukulu. Anabadwira konkuno, amayankhula ngati inu. Anakulandani chiyani?"

Wotsogolera msonkhano anati nthawi yake yatha. Wina m'holomo anati, "Khalani pansi." Mayi mmodzi yekha, mzungu wachikulire, anaomba m'manja pang'ono n'kusiya.

Pa nthawi ya tiyi, Pellow anamupeza pafupi ndi khomo. Sankaoneka wokwiya. Ankamwetulira ngati bambo woyankhula ndi mwana amene wagwetsa kapu.

"Getrude, simunayenera kutero. M'chipinda muli anthu otere, munthu amanena zimene akufuna kumva. Ndi ndale zimenezo."

"Nanga kwa ife munkanena zimene tinkafuna kumva?"

"Tiyeni tinene chilungamo. Inu simungapambane, mukudziwa ndipo ine ndikudziwa. Koma mwadzutsa anthu amene sanavotepo chiyambire, ndipo mavoti awo afika kwa ine. Zimenezo sindidzaiwala. Kuli komiti ya alangizi pa za zikhalidwe zosiyanasiyana, muli mpando wanu."

"Munandiimika kuti ndikutolereni mavoti."

"Ndinakupatsani mwayi woti mumveke."

Getrude anali ndi kapu ya tiyi m'manja. Anaiika pa tebulo mosamala kwambiri, chifukwa ankadziwa chimene dzanja lake linkafuna kuchita nayo.

A Overstone anamutsatira poimika magalimoto.

"Mlongo wanga, mwatilakwitsa. Munthu wamkulu sachititsidwa manyazi pagulu chotere."

"A Norman atakhazikidwa pansi sipanali pagulu?"

"Zimenezo zinapita. Taganizirani za holo. Zaka zonsezi tikupemphera m'galaja ya sukulu."

"Ndiye ana athu aziimitsidwa m'misewu kuti ife tiziimba m'holo yabwino? Abambo, ndimakulemekezani, koma mawa m'tchalitchi ndiyankhula."

"Sindikupatsani nthawi."

"Ndiyankhulira panja."

Anayankhuladi panja, pa udzu, anthu akutuluka m'mapemphero. Anajambulanso uthenga pa foni, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, n'kuutumiza m'magulu onse. Ananena zimene Pellow ananena m'holo, mawu ndi mawu. Anati amene sanavote asalembe nambala iliyonse pa dzina la Pellow. Uthengawo unayenda ngati moto. Koma mayankho amene anayamba kubwera ndi amene anamufoola. "Ife tinatumiza kale, mayi." "Tinalemba monga munatiuzira." "Kodi tingaitanitse pepala lina?" Getrude anali atagwira ntchito yake bwino kwambiri. Anthu ake anavota msanga, tsiku lomwe envulopu inafika, chifukwa iye mwini anawauza kuti asachedwe.

Tsiku lowerenga mavoti anapita ndi Norman. Pa manambala oyamba Voss anali patsogolo, Pellow pambuyo pake, Getrude wachitatu, koma ndi mulu umene unadabwitsa aliyense m'chipindamo. Kenako owerenga mavoti anatenga mulu wakewo n'kuyamba kuugawa. Getrude anaimirira kuseri kwa chingwe akuona mapepala a anthu amene anawagogodera m'makomo, a amayi a kumsika, a makolo a atsikana a kwaya, akusamutsidwa limodzilimodzi kupita pa tebulo la Pellow. Ena analibe nambala yachiwiri, amenewo anaikidwa padera. Sanali okwanira. Pellow anapambana ndi mavoti ochepa kwambiri.

Anabwera kudzamugwira chanza, wojambula zithunzi ali pambuyo pake. Getrude anasiya manja ake m'matumba a juzi.

"Tiyeni, bambo a Mwawi," anatero kwa Norman.

Pobwerera, Norman ndiye ankayendetsa galimoto. Atafika pa maloboti anati, "Ine ndinanena kuti tizisiye."

"Munanenadi."

"Ndinalakwa kunena choncho." Anayang'ana kutsogolo. "Koma zandipweteka kuposa tsiku lija."

Mpando wa m'komiti ya alangizi unapita kwa a Overstone. Za holo, khonsolo inati ikuunikabe. Magalimoto a alonda anawonjezeredwadi chaka chisanathe.

Lamulungu lina pambuyo pa mapemphero, Inonge, mayi wa ku Lusaka amene ankagwira ntchito ku labotale ya chipatala, anamuimitsa Getrude asanalowe m'galimoto. Ndi iye amene anasonkhanitsa a ku Zambia onse pa kampeni, ndipo chichitikireni chisankho anali asanamuyankhule.

"Imwe amai, ine nakalipa maningi," anatero Inonge m'chiyankhulo cha kwawo ku Lusaka. "Nenze kuyenda nyumba na nyumba chifukwa cha imwe. Nauza amai anga alembe thu pali uja muntu. Manje mwana wanga bamuimika kabili pa paki."

"Pepani, achemwali. Ndinakusocheretsani."

"Sinifuna sore yanu. Nifuna kuziba, muzachita chani?"

Getrude anatsamira chitseko cha galimoto. Anali atatopa, ndipo mkwiyo umene unali m'mawu a Inonge unali womwewo umene iye ankagona nawo ndi kudzuka nawo.

"Dera lino lili ndi makhansala awiri," anatero. "Mpando winawo udzakhala pa chisankho chotsatira."

"Muzaima?"

"Kaya ine, kaya inu, kaya wina. Koma mapositala tidzasindikiza tokha. Ndipo amene akufuna nambala yachiwiri adzabwere kuno, adzaime pamaso pa anthu onse, adzanene zomwezo zimene amanena m'maholo mwawo."

Nkhope ya Inonge sinamasuke.

"Pa Chisanu nichoka pa nchito na kumazulo," anatero. "Nizabwera kwanu. Muitane na baja ba ku Sudan. Koma a Overstone musabauze."

"Ndiwauza," anatero Getrude. "Abwere adzamve."

Inonge anapukusa mutu, napita kukatenga ana ake.