Kuti Moto Usadonthe

Wakabaza anamutsitsa pamphambano, naloza ndi mlomo.

"Mukuona chigafa cha fodya chachitalicho? Ndi pa a Mwale pamenepo. Pepani ndi zovutazi."

Lemani anakoleka chikwama kumsana. Mdima unali utangogwa. Uku munda, uko munda, mizere yokhayokha yodikira mvula. Kumudzi kwa bambo ake, koma njira yochita kufunsa. Iye anakulira ku Kawale, kumene mayi ake anapita naye ali ndi zaka zinayi, banja litatha. Atakula anangokhala wapaulendo. Mzuzu, Tete, Joni, kukonza mafoni ndi mawailesi. Nambala ya foni sinkatha naye chaka. N'chifukwa chake uthenga wa maliro unafika kwa iye bambo akewo, a Grey Mwale, atagona kale m'manda masiku atatu.

Pakhonde panakhala anthu awiri. Mayi Fainala, mkazi wachiwiri wa malemu, analira pang'ono pomulandira, kenako anamukokera mpando. Pambali pawo panali mwana wawo Tithokoze, mtsikana wamkulu ndithu, wamapewa a munthu wolima.

"Mwayenda bwanji, achimwene?"

"Bwino."

Maso a Lemani anali padzanja la mtsikanayo. Wotchi yachimuna, lamba wake woboola kabowo kena kuti ikwane. Sanafunse kuti ndi ya yani.

Atadya, Mayi Fainala anayala nkhani mosazungulira.

"Akubanja anakhala pansi dzulo. Zovala zimene ankavala agawana. Munda ndi chigafa atisiyira ife. Koma njinga yamagetsi ija ati ndi ya mwana wamwamuna. Ikudikira inu, bambo."

"Koma sikuyaka," anatero Tithokoze, akuyang'ana kumbali. "Inafa ndi mwini wake."

Lemani anaseka ndi mphuno.

"Chinthu cha waya sichifa ndi munthu. Ili kuti?"

Inali m'chigafa, pansi pa mitengo yoyanikapo fodya, yofunditsidwa chiguduli. Yofiira. A Mwale anaigula chaka chimene fodya anachita bwino ku okushoni. Pakaliyala panali malegeni okulungidwa mwaudongo, ngati mwini wake wangopita kuseri. Lemani anapatsa Tithokoze foni kuti aziwalitsa.

Anapotokola kiyi. Zii. Anabwereza. Zii.

"Mumaigwiritsa ntchito yanji?"

"Madzi a ku nazale ya fodya. Chigayo. Lachisanu akuitana mayina a feteleza wa sabuside ku Chamama. Matumba awiri amakwana bwinobwino apa."

"Mudzapeza ngolo."

Tithokoze anasendeza foni pafupi ndi batire.

Lemani anadina kabatani ka pabatire. Timagetsi tinayi tobiriwira tinayaka, tonse.

"Batire ndi yodzadza."

"Ndimaiika pa sola m'mawa uliwonse. Ankatero bambo."

Lemani anaisolola batireyo, n'kupukuta mano ake ndi kansalu, kuuzira fumbi, n'kuibwezera mpaka inalira kuti kha. Kiyi. Zii.

"Musamaikankhe ndi mphamvu. Bambo ankayamba aipendeketsa."

Bambo, bambo. Liwulo linkatuluka m'kamwa mwa mtsikanayu mosavuta ngati malovu. Lemani akafuna kulitchula ankayamba walifunafuna. Anakukuta mano, nayamba kulondola mawaya ndi zala, kuchokera pachiwongolero kutsika mpaka pansi pa chishalo. Penapake waya anali wokulungidwa ndi kachingwe, mfundo yake yaing'ono, yolimba.

"Makoswe anadya. Anamanga okha. Ndi mfundo yomwe amamangira fodya. Anandiphunzitsa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Sindinafunse."

Wayayo anali bwino. Mkuluyo analumikiza mwaluso, ndipo zimenezo zinamuwawanso Lemani. Luso la manja ankati ndi lake, lodzipezera m'misewu. Kodi nalonso linali la kuno, ndipo wina analiona tsiku ndi tsiku?

Anatukula chishalo. Pansi pake panali kabokosi kakuda. Anakatsegula ndi chikhadabo. Munali mopanda kanthu.

Anaimirira pang'onopang'ono.

"Fyuzi ili kuti?"

"Chiyani?"

"Musandipusitse, chemwali. Kachinthu ka mano awiri kamene kamakhala umu. Sikagwa kokha. Wina wakazula."

"Ndiye mukuti ndine?"

"Wotchi mwatenga. Munda mwatenga. Zaka zonsezi a Mwale munali nawo inu nokha. Chinthu chimodzi chokha chimene andipatsa ine, mwachithyola mwendo kuti ndichisiye!"

Tithokoze anatsitsa foni, kuwala kukugwera pansi.

"Mukuifuna fyuzi yanu? Khasu lili apo. Pitani mukakumbe. Ili m'thumba la jekete."

Pakhomo panamveka kutsokomola. Mayi Fainala anali ataima pamenepo, atamva phokoso.

"Musakangane pamaso pa njinga ya bambo anu," anatero motsitsa mawu. "Lemani, bambo anuwo anali ndi nzeru zawozawo. Ankati magetsi ali ngati parafini, ukasiya osatseka amadontha usiku. Wogulitsa anawauza kuti kiyi ndi yokwanira. Iwo ayi. Madzulo aliwonse ankazula kachinthuko, kuti moto usadonthe. Kuika m'thumba la pamtima, n'kulisisita kawiri. Chonchi."

Anagunda pachifuwa pawo ndi zala, kawiri.

"Tsiku lomaliza anachita chimodzimodzi. Ife ndi misozi, ndani akanapisa m'thumba? Tinawaveka jeketeyo, n'kupita nayo."

"Jekete iti?"

"Yotuwa ija. Munatumiza kuchokera ku Joni."

Lemani anachita kuikumba m'mutu. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Yakaunjika, yogula m'mbali mwa msewu, chifukwa mnzake wina ankabwera ku Kasungu ndipo zikanaoneka zoipa kusatumiza kanthu. Sanadziwe n'komwe msinkhu wa bambo ake. Anangoyerekeza.

"Manja ake anali aatali," anapitiriza mayiwo. "Ankapinda. Kutchalitchi, kuokushoni, kumsonkhano wa kalabu. Ngakhale dzuwa la Okutobala, thukuta kamukamu. Anthu akawaseka, iwo, yachokera kwa mwana wanga wa ku Joni iyi."

"Auzeninso za suti," anatero Tithokoze. Mawu ake anali atauma. "Auzeni, amayi. Ine ndinagulitsa mtedza wanga chaka chatha, ndinawagulira suti yatsopano ku boma. Ili m'sutikesi mpaka lero, ndi pepala lake la m'sitolo. Atadwala, ndinkawatengera kuchipatala panjinga yomweyi, nditawamangirira kumsana kwanga ndi chitenje kuti asagwe. Ine. Koma atayandikira kupita, akuti chiyani? Mudzandiveke ya Lemani."

Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, wotchi ikutsetsereka.

"Za fyuzi ndinakumbukira adzukulu atakwirira kale. Ndinadziuza kuti bola. Isayake. Akabwera wa ku Joniyo aikankhekankhe, atope, aisiye. Jekete yake inatenga malo anga. Njinga nayonso atenge?"

Lemani anakhala pa njerwa, nakoka chikwama chake. M'kathumba kam'mbali munali tizipangizo ta ntchito yake: timasikuluwu, mabatire a mafoni akufa, zidutswa za waya. Anapeza fyuzi yakale yopsa. Anasenda waya, nasololamo kaulusi kamodzi ka kopa, n'kukakulunga pa mano awiri aja.

"Walitsani kuno."

Tithokoze anazengereza, kenako anawalitsa.

Lemani anailowetsa fyuziyo m'kabokosi. Anapotokola kiyi. Kagalasi ka pachiwongolero kanayaka, nyali yakutsogolo inalasa mitengo ya chigafa mpaka kudenga. Mayi Fainala anagwira pakamwa. Tithokoze anaika foni pachishalo mosamala, natuluka osacheuka.

Kutacha, mkulu wa adzukulu anamuperekeza Lemani kumanda. Sanakhalitseko. Mulu wa dothi lofiira, nkhata zofota. Lemani anaima akuganiza za manja opindidwa aja, pansi apo.

Atabwerako anatulutsa njinga m'chigafa, chikwama chili kumsana. Tithokoze ankasesa pabwalo, ndipo anapitiriza kusesa pamalo amodzimodzi.

"Chemwali, ndiperekezeni ku Chamama."

"Ndiye ndibwerere wapansi?"

"Njira sindiidziwa. Yendetsani ndinu."

Tithokoze anatsamiritsa tsache pakhoma, namanga chitenje molimba.

Njingayo inkayenda mopanda phokoso, kumveka matayala okha pamchenga. Tithokoze ankadziwa dzenje lililonse asanalione. Podutsa padambo anthu othirira nazale anaweramuka, ena anakweza manja, kenako n'kuwatsitsa msanga atakumbukira kuti wokwerapo si a Mwale. Lemani, ali pakaliyala, anagwira malegeni. Kumsana uku n'kumene ankatsamira bambo ake. Anakhala chowongoka, osakhudzako.

Ku Chamama minibasi ya ku boma inali ikudzadza. Lemani anatsika. Anazimitsa kiyi, natukula chishalo, nazula fyuzi ija. Anatenga dzanja la Tithokoze, la wotchi lija, naiika m'chikhatho, kiyi pamwamba.

"Iyi ndi yongogwirizira. Isapitirire Lachisanu. Mukagule yeniyeni, yolembedwa 30. Mugule ziwiri."

"Nanga akubanja?"

"Mukawauze kuti mwana wamwamuna anatenga kale zake."

Tithokoze anayang'ana kachinthuko. Sanathokoze. Anakaponya m'thumba la bulauzi, nalisisita kawiri, maso ali kwina, osadziwa n'komwe kuti watero.

Lemani anaona. Zimenezo sakanazinyamula m'chikwama.

Kondakitala anamenya chitseko. Lemani anadzipanikiza pampando wakumbuyo, pakati pa thumba la chimanga ndi mayi wa nkhuku. Minibasi itadutsa zigafa zomaliza, anakweza dzanja mwakachetechete, nayesa pathumba la shati yake lopanda kanthu. Kamodzi. Kawiri.