Mapale a M'chipinda Nambala Seveni

Chikalata anachipeza Lachitatu, chomatidwa pachitseko ndi selotepi. Kampani ya ulonda inati chipinda nambala seveni n'cha anthu anayi. Iwo analimo asanu. Mmodzi asamukire ku kampu ya kampani, kunja kwa mzinda, pofika Lamlungu. Za wosamukayo agwirizane okha.

Kampu aliyense ankaidziwa. Ku Al Muntazah kuno, m'dziko la eni, munthu amakwera sitima ya metro, posakhalitsa ali pantchito ku Msheireb. Ku kampu basi imanyamuka dzuwa lisanaganize zotuluka, ndipo wophika wake anadana ndi mchere kalekale.

A Macfussy Chiwaya nkhaniyi inawasangalatsa. Asanabwere kudzalondera chitseko chagalasi, anaphunzitsa mbiri yakale kusekondale ina ku Ntcheu zaka khumi ndi zinayi. Anzawo ankawatcha Aphunzitsi. Maphunziro sanawasiye kumudzi. Munthu akangokhala pabedi kuti avule nsapato, ankamva za Agiriki. Akamatsuka mano, Aroma. Everson, mlonda wa pahotela, anadyapo mpunga wozizira chifukwa cha mfumu ya ku Mangalande imene nduna zake zinaikakamiza kuvomera malamulo mu 1215.

"Tichite maere, khalas, nkhani ithe," anatero a Hamisi, dalaivala wa ku Balaka, wamkulu pa onse.

"Maere ndi za ana," anayankha a Macfussy.

"Si munati ku Atene ankachitanso maere?" anafunsa Everson.

"Phunziro lina limenelo. Pankhani ngati iyi anali ndi njira yake. Kamodzi pachaka nzika iliyonse inkatola phale, n'kulembapo dzina la munthu amene wautopetsa mzinda. Amene dzina lake lachuluka ankachoka zaka khumi. Popanda mlandu, popanda ndewu. Demokalase ya azungu inakulira pamenepo, pa mapale."

Mumtima anali atamuona kale wochoka. Sudi, mnyamata wa ku Machinga, ankayanika masokosi pa eyakoni ndipo ankalankhula ndi mkazi wake pafoni mokuwa ngati foniyo palibe. Bedi lakenso linali lam'munsi, pamene mphepo yozizira imafikira bwino.

Lachinayi a Macfussy anayendera ovota mmodzimmodzi. Everson anamupeza pa masitepe. "Sudi uja watitopetsa, si choncho?"

"Zoona, Aphunzitsi."

Yasini, mnzawo wachisanu m'chipindamo, anamupeza akusita yunifomu. "Mwanenadi, Aphunzitsi." A Hamisi anangoti, "Inu ndi amene mumadziwa." Mavoti anayi, kuphatikiza yawo. Anagula fulutikeke pagolosale kuti adzamupepesere Sudi.

Lachisanu masana, a Hamisi, Sudi ndi Yasini atabwera kumzikiti, chisankho chinachitika. Miphika yadothi kunalibe, ndiye Yasini anatola zidutswa za matailosi kuseri kwa nyumba. A Macfussy anavala tayi. Analankhula mphindi makumi awiri, kuchoka ku Atene, kudutsa ku Roma, n'kukaima ku Falansa. Kenako aliyense analowa kubafa payekha ndi cholembera, n'kuponya phale lake m'ndowa yochapira.

Wowerenga anali iwo omwe. Phale loyamba analikweza m'mwamba. "Sudi." Zilembo zinali zawo, zokongola.

Lachiwiri analiyang'ana kanthawi. "Aphunzitsi," anawerenga. Anaseka pang'ono. M'dziko laufulu wotsutsa amakhalapo.

Lachitatu: "A Chiwaya." Lachinayi: "Aphunzitsi, pepani."

Phale lachisanu analitembenuza kawiri, ngati kuseri kungakhale dzina lina. Analiwerenga ndi milomo yokha. Eyakoni inkalira, masokosi a Sudi akugwedera. A Macfussy anakhala pabedi limene silinali lawo.

"Everson, iwe unati zoona."

"Ndi zoonadi, Aphunzitsi. Sudi amatopetsa. Koma Sudi foni ikatha chaji amasiya."

"Yasini?"

"Munthu wamkulu ngati inu ndikanakukanirani pamaso? Kwathu sanandilere choncho. Kubafa ndinali ndekha."

A Macfussy anamasula tayi, n'kuimanganso. Zaka zonse zija anaphunzitsa za voti yachinsinsi, ndipo mayeso ana ankakhoza. Sanaganizepo kuti chinsinsicho chingabisidwe kwa iwo.

"Chisankhochi chili ndi vuto," anatero. "Ku Atene alendo sankavota. Nzika zokha."

"Ndiye nzika muno ndani?" anafunsa a Hamisi. "Tulutsani chiphaso chanu tione. Tikaitane mwini nyumba avote yekha?"

"Ku Roma kunali akuluakulu oteteza anthu wamba. Mmodzi akangoti ndakana, lamulo limaima."

"Amenewo munati ankasankhidwa," anatero Everson. "Tibweretsenso ndowa?"

Sanafune ndowa.

"Latsala la ku Falansa," anatero Sudi mwaulemu, manja kumbuyo. "Lija la mfumu imene inavuta kumva zonena anthu. Munatiphunzitsa katatu. Mathero ake ndimawakumbukira: anaidula mutu."

Apa ndi pamene a Macfussy anadzidzimuka koposa. Anthuwa ankamva. Miyezi yonse ija akuyang'ana kudenga, akunamizira tulo, zaka ndi mayina zinkalowa. Ku Ntcheu kalasi yotere sanakhalepo nayo.

"Ku Atene ankapatsa munthu masiku khumi olongedza," anatero ndi mawu otsika.

"Kampani yapereka awiri," anayankha a Hamisi. "Koma musadandaule za zaka khumi zija. Kontilakiti yanu yatsala ndi miyezi isanu ndi itatu."

Lamlungu Sudi ndi amene anawanyamulira sutikesi mpaka pamsewu. Inali yolemera ndi mabuku, ndipo pamwamba a Macfussy anaikapo mapale onse asanu, okulunga m'tawulo. Fulutikeke ija anadya onse dzulo lake, popanda wofunsa kuti inagulidwira ndani.

"Kukampu kuli anthu angati?" anafunsa a Macfussy basi ikuima.

"Amati mazana atatu. Anepali, Aganda, Akenya."

A Macfussy anakonza kolala. Anthu mazana atatu, ndipo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene anamvapo za Atene.

"Aphunzitsi," anatero Sudi akuwapatsa sutikesi. "Phunziro la mapale lija mukalidumphe."