Wasesa Ndani mu Imelo?

"Lero akuti chiyani amuna ako aja?" anafunsa Anti, mwini shopu yosokera, mapini ali kukamwa.

Telala anasiya kupalasa makina n'kutenga foni uku akuseka. M'mawa uliwonse ankawerengera Anti mauthenga achabechabe amene ankagwa mu imelo yake. Wina ankati wapambana galimoto pampikisano umene sanalowe n'komwe. Wina ankati ndi msilikali wamasiye, akufuna mkazi woopa Mulungu. Amenewa ndiwo Anti ankati "amuna ako". Telala sankawayankha kapena kudina chilichonse, poti Anti anamuuza kalekale kuti nyambo iliyonse ili ndi mbedza. Koma kufufuta ndiye ayi, ulesi! Zinangounjikana mmenemo ngati tizidutswa tansalu tapansi pa tebulo.

Tsiku limenelo anatsegula, n'kupeza muli mbee.

"Mulibe, Anti."

"Akukana onse tsiku limodzi? Ndi msilikali yemwe? Koma amuna!"

Telala sanaseke. Anakweza chala, anatsitsa chala. Zinyalala zonse za miyezi ndi miyezi zinali zitachoka. Mauthenga a makasitomala anali atasanjidwa paokha, a kusukulu ya mwana paokha. Padziko lonse lapansi ankadziwa munthu mmodzi yekha amene sakanatha kuona uve n'kuusiya.

Munthuyo anali mwamuna wake. Anti, atamva mbiri yake, anam'patsa dzina loti a Tsache. Anali bambo wosita ngakhale mpango wopukutira thukuta, wopereka moni ndi manja awiri, woti anansi ankachita kum'sirira. Chikomekome cha nkhuyu! Akaweruka kuntchito ankayendetsa chala pawindo, ndipo akapeza fumbi, mbama. Ankalandanso foni ya mkazi wake n'kumafufuta zachabechabe, amvekere, "Mkazi wauve amaonekera pafoni." Telala anapirira mpaka tsiku limene dzanja lija linatera pa mwana wawo wamkazi chifukwa chotayira tiyi pansalu ya patebulo. Anathawa ndi mwanayo kubwera m'tauni ino, kumene kunalibe wom'dziwa. Simukhadi anaiponya m'chimbudzi. Ngakhale mayi ake om'bereka sanawauze kumene ali.

"Iwe, watuwa bwanji?" Anti analavulira mapini m'dzanja. "Tanena."

"Muli munthu, Anti. Wina wasesamo."

Anti anavala magalasi n'kulanda foniyo. Iwo ntchito ya mayunifolomu ankailandira pa imelo, ndiye zinthuzi ankazidziwa.

"Imeloyi anakutsegulira ndani?"

Telala anayang'ana pansi. "Iwowo. Nthawi imene ndinkaphunzira zosoka."

"Pasiwedi unasintha?"

"Ndinkaona ngati ndikataya simukhadi, zonse zatha."

"Mayo ine! Unatseka mawindo onse, kiyi wapakhomo n'kusiyira fisi?"

Sananene mokalipa, koma Telala anamva manyazi osakanikirana ndi mantha. Anti anadinadina mpaka anafika pamene pamaonetsa mafoni amene alowa mu imelo. Anali awiri. Ina inali yomwe inali m'manja mwawoyo. Inayo inali ya mtundu umene Telala ankaudziwa bwino, yakuda, yopukutidwa tsiku ndi tsiku. Ndipo pansi pake panalembedwa kumene foniyo yalowera komaliza. Silinali dzina la tauni imene anathawako. Linali dzina la tauni yomwe ino.

Panja minibasi inaliza hutala, onse awiri n'kudzidzimuka.

"Za shopu ino zilimo?" anafunsa Anti motsitsa mawu.

"Makasitomala onse amalemba momwemo."

"Za chipinda chako?"

"Eni nyumba anatumiza momwemo pangano lija."

"Nanga za mwana?"

Telala anatenganso foni. Pamwamba pa mauthenga a kusukulu panali wina wa m'mawa womwewo. Iye anali asanauone, koma unkaoneka wotsegulidwa kale, zilembo zake zotuwa. Unkati aphunzitsi ali ndi msonkhano, ana aweruka msanga, makolo abwere kudzawatenga.

Anadzuka mpando n'kugwa chagada.

"Thamanga!" anatero Anti. "Foni siya, ndim'tulutsemo. Iyi tenga yangayi. Usadzere kuchipinda kwako, wamva?"

Anathamanga tepi yoyezera ili m'khosi. Anadutsa ogulitsa nsapato, anadumpha ngalande, wanjinga wina anam'tukwana koma sanacheuke. Munthu aliyense wa malaya oyera ankamuona ngati ndi yemweyo. Atafika pasukulu anapeza ana ayamba kale kutuluka, phokoso lili wowowo, ndipo mlonda wapageti, mkulu wa imvi wokonda macheza, anam'landira ndi chimwemwe.

"Mayi, mwachita mwayi! Bambo a kwanu anali pompano."

Telala anagwira chitsulo cha geti. "Mwana ali kuti?"

"Ali m'kalasi ndi aphunzitsi. Ndinawauza bambowo kuti lamulo lathu, mwana amatengedwa ndi amene anam'lembetsa. Sanakwiye ngakhale pang'ono! Akuti akam'gulire kenakake patsidyapo, abweranso adzakudikirireni. Koma ndiye muli ndi mwamuna, mayi. Taonani pagetipa." Mlondayo analoza ndi ndodo yake. "Mapepala onse a masiwiti atola okha ndi manja. Ine ntchito andithera."

Telala anayang'ana. Pansi panali poyera, popanda ngakhale kachitsotso.

"Bambo," anatero Telala, "geti lakumbuyo lija limatseguka?"

Mlondayo anam'yang'anitsitsa, kumwetulira kuja n'kuzimiririka pang'onopang'ono. Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa makiyi.

Anadzera kuseri kwa zimbudzi, mwana atam'gwira dzanja zolimba, n'kutulukira m'kanjira ka pakati pa mipanda. Mwanayo ankadandaula kuti wasiya botolo lake la madzi. Telala anangoti, "Tikagula lina, mama, yenda."

Anti anawapeza kudepoti ya mabasi, atanyamula jumbo ya zovala zimene anatola m'shopu, ndi sizasi ya Telala ataikulunga m'kansalu.

"Ndam'tulutsa," anatero akum'bwezera foni. "Pasiwedi ndasintha, ndikunong'oneza, uisunge m'mutu. Nambala yobwezera pasiwedi inalinso yake, ndachotsa. Koma madzi akatayika saoleka, mwana wanga. Zimene wawerenga wawerenga. Ukafika kwa mng'ono wanga ukatsegule imelo ina ndi manja ako, ndipo mawa lomwe mukanene kupolisi."

"Nanga diresi la akwati lija? Sindinamalize mikono."

"Akwati avala lopanda mikono, kukutentha. Kwera!"

Telala anafuna kuseka koma inatuluka ndi misozi. Shopu ija, makina aja, kachipinda kamene anakapaka yekha laimu, zonse zinatsala chifukwa cha mawu ochepa amene sanawasinthe.

Basi itatuluka m'tauni, mwana atagona pamiyendo pake, foni inanjenjemera. Anayang'ana ndi diso limodzi. Anali msilikali wamasiye uja, akufunabe mkazi woopa Mulungu.

Sanautsegule uthengawo, sanaufufutenso. Anausiya pomwepo pamwamba, wakuda bii, kuti mawa kukacha adzaone ngati ukadalipo.