Lamba Wolira Pakamwa

M'nyumba yosungiramo katundu ija munalibe munthu wodziwa chikepe kuposa a Nsanja. Chikepe chake si chija cha m'nyumba zosanjikizana ayi, koma makina amatayala oyenda pakati pa mashelefu ataliatali, amene amamunyamula woyendetsa n'kukamufikitsa kudenga kuti akatole makatoni amene ogula ayitanitsa. A Nsanja anali atachiyendetsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osagwetsa ngakhale paketi ya sopo, ndipo nkhani imeneyi ankaifotokozera aliyense, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Dzina lawolo linachokeranso pomwepo, chifukwa ukawafuna unkayang'ana kumwamba.

Oyendetsa zikepe onse m'nyumbamo anadutsa m'manja mwawo, ndipo onse ankaloweza lamulo lawo loyamba: "Lamba akapanda kulira, chikepe sichidzuka." Lambayo ndi uja wodutsa m'mapewa ndi m'ntchafu n'kudzatsekera kutsogolo ndi kachitsulo kolira kuti tcha! Kumsana kwake kumakhala chingwe chokoleka pachikepe, kuti munthu akaterereka kumwambako angolendewera m'malo mokapsompsona simenti. A Nsanja ankati akamaphunzitsa amatchera khutu ngati mphaka pauna wa khoswe. Akapanda kumva tcha, wophunzirayo ankatsika.

Mavuto onse anadza ndi ulemu wa mkamwini. Mkamwiniyo anali mmodzi wa ophunzira awo. Anaphunzira chikepe, kenako anaphunzira njira yopita kunyumba kwa aphunzitsi ake, mpaka anakwatira mwana wawo wamkazi. Patapita zaka anamukweza kukhala woyang'anira zachitetezo, ndipo anagula kagalimoto. Kungoyambira pamenepo m'mawa uliwonse ankaima pageti pa apongozi ake, n'kutsika kukawatsegulira chitseko chakutsogolo. A Nsanja anapachika njinga yawo kuseri kwa nyumba. Koma palibe amene anakawauza mayi akunyumba kuti achepetseko mbale, choncho iwo anapitiriza kugawa chakudya cha munthu wopalasa njinga. Chaka chisanathe, mimba inayamba kulowa pakhomo eni ake akadali panja.

Tsiku lina m'mawa lamba anakana. A Nsanja anapuma mpweya wonse, kukoka uku, kukoka uku, koma tizitsulo tiwiri tija tinangoyang'anizana patali ngati anthu okwiyirana. Panatsala mpata wa zala ziwiri. Pofika mwezi wotsatira zala zinali zinayi.

Chofunika chinali chapafupi: kupita kusitolo ya zida n'kukapempha lamba wamkulu. Koma kusitoloko kunali mayi wina amene pakamwa pake panalibe chitseko. Ukamupempha magolovesi nthawi ya kadzutsa, pofika masana ngakhale mlonda wa pageti amakhala akudziwa kukula kwa zala zako. A Nsanja, mphunzitsi wa anthu onse, akanene okha kuti lamba wawathina? Anaona kuti kuli bwino kufa.

Ndiye anapeza nzeru. Ankavala lamba uja m'mapewa ndi m'ntchafu bwinobwino, pamwamba pake n'kuvala jekete yowala ija, n'kukoka zipi mpaka m'khosi. Akakwera pachikepe ankalowetsa dzanja m'kati mwa jekete ngati akutseka, ndipo lilime linkamaliza ntchito: tcha! Anayeserera masiku atatu m'bafa kunyumba, mpaka mayi akunyumba anagogoda n'kufunsa ngati m'bafamo mwalowa nalimata.

Nzeruyo inayenda miyezi inayi, koma mtendere anausowa. Zoona zake n'zakuti a Nsanja ankaopa. Chikepe chikangodutsa shelefu yachitatu, dzanja limodzi linkakhala lili gwa pachitsulo, linalo likukoka katoni ngati la munthu wakuba. Iwo ankadziwa kuposa wina aliyense kuti lamba wosatseka amavuka ngati malaya, ndiponso kuti chakudza sichiyimba ng'oma. Mwamwayi, m'miyezi imeneyo mapepala otumira anthu kukatsitsa katundu wa kudenga anayamba kupita kwa ena, iwo n'kumalandira a mashelefu apansi okhaokha. Pamaso pa anthu ankadandaula kuti akuwapeputsa, koma mumtima ankathokoza.

Kenako inafika sabata ya mayeso a chaka ndi chaka. Lamulo lake linali losakambirana: wolephera amabweza kiyi wa chikepe n'kupita kutebulo la pakona kukamata makatoni ndi tepi kufikira tsiku la mayeso ena. Kumatepi n'kumene ankayambira anthu obwera kumene, osadziwa n'komwe kumene kuli chimbudzi. A Nsanja akaganiza zoti akakhale kumeneko, kiyi wawo ali m'thumba la munthu wina, chakudya chinkawakanika pakhosi, ngakhale kuti mimba sinabwerere m'mbuyo ndi pang'ono pomwe. Woyesa anali mkamwini.

Lachinayi m'mawa, m'galimoto, mkamwini anatsokomola katatu asanayankhule.

"Bambo, kodi zida zanu zonse zili bwino? Chipewa, nsapato... lamba?"

"Lamba amandikhala ngati khungu langa," anatero a Nsanja, maso ali pawindo.

Anayenda kamtunda. Mkamwini anayesanso njira ina.

"Mwana wanu uja madiresi onse amuthina tsopano, pakati paja pakula. Dzulo tinakagula ena akuluakulu. Ndinamuuza kuti palibe chamanyazi, thupi la munthu limasintha."

"Mwachita bwino. Kwa azimayi zimatero ndithu."

Mkamwini anakweza wailesi.

Pofika nthawi ya mayeso, anthu anali atapeza zifukwa zodutsira pamzere wa mashelefu wachisanu ndi chiwiri, pamene pankachitikira mayesowo. Wina ankasesa malo osesedwa kale. Mayi wa kusitolo anabwera ndi bokosi la magolovesi limene palibe analipempha. Mkamwini anaima ndi fomu yake pakathabwa, cholembera chili m'manja.

Apa ndiye a Nsanja anaonetsa kuti ukatswiri sagula pamsika. Anazungulira chikepe akugogoda matayala, anasuzumira pansi kuona ngati padontha mafuta, anayendetsa chala patcheni, anagwedeza nyanga ziwiri zonyamulira katundu, anatsegula pabatire. Kachitsulo kolembedwa kulemera kumene chikepe chimatha kunyamula anakawerenga mokweza osakayang'ana. Anakwera, n'kutsitsa zotchingira za m'mbali zonse ziwiri. Analiza hutala mpaka wosesa uja anataya tsache. Anaponda choponda chija chimene ukachotsapo phazi makina amaima okha, anayenda pang'ono, n'kuchotsa phazi, chikepe chinaima nji. Mkamwini ankangochonga, kuchonga, kuchonga.

"Chatsala chimodzi, bambo," anatero ndi mawu otsika. "Lamba."

A Nsanja anakoleka chingwe chakumsana mwaulemerero, analowetsa dzanja m'jekete, n'kukonza lilime. Koma mantha anali atawaumitsa m'kamwa. Chimene chinatuluka sichinali tcha, chinali kamawu konga ka mwanapiye wonyowa. Anameza malovu msangamsanga n'kuyesanso ndi mphamvu zonse, ndipo lilime, pofuna kulipira mlandu, linalira kawiri: tcha! tcha!

"Lero walira kawiri," anatero mayi wa kusitolo, akuyang'ana kudenga.

Wina kumbuyo anabanika ndi phwete n'kuthawira kuseri kwa mashelefu. A Nsanja anaima chilili, thukuta lili kamukamu, akuyang'ana mkamwini wawo. Mkamwiniyo anazolika. Cholembera chinatsika pafomu, chinakweranso. Kenako chinachonga.

"Mwakhoza, bambo," anatero osadzutsa mutu. "Mutha kukwera."

Apa m'pamene a Nsanja anayenera kusangalala. Kiyi anali wawo chaka china chathunthu, kumatepi kunali kutawaphonya. Koma kuchonga kuja kunawalasa mumtima kuposa kuseka kwa anthu. Anakumbukira tsiku limene munthu yemweyu, asanakhale mkamwini wa aliyense, anakwera chikepe lamba ali lende, iwo n'kumutsitsa pamaso pa anthu n'kumutumiza kumatepi sabata yathunthu. Pa ophunzira awo onse, uyu ndiye ankamunyadira, chifukwa chichokereni tsiku limenelo sanalolepo chinyengo pa nkhani ya lamba, ngakhale kwa bwana wamkulu. Lero wachonga bodza, anthu onse akuona, ndipo amene amuphunzitsa bodzalo ndi iwo omwe. Mawa adzachongera wina, ndipo winayo adzapita mpaka kudenga.

Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Anagwira zipi n'kuitsitsa mpaka pansi. Mimba inatuluka poyera ngati yakhala ikudikira mwayi umenewu, nsonga ziwiri za lamba zili lendelende uku ndi uku ngati makutu a mbuzi.

"Iwe!" anakuwa, ulemu wa chipongozi atauika pambali. "Ndinakuphunzitsa chonchi ine? Wamva lamba kapena wamva lilime la nkhalamba?"

"Bambo, ine ndimati..."

"Umati chiyani? Ukwati uli kunyumba, kuno kuli simenti! Fufuta msanga. Lemba kuti ndalephera, ulembe zilembo zikuluzikulu zoti ndiziona ndili pompano."

Mkamwini anafufuta, analemba. A Nsanja anatsika, anazula kiyi n'kumupatsa. Mkamwini anayamba kupinda mawondo kuti alandire ndi manja awiri.

"Imirira! Pano bwana ndiwe."

Mayi wa kusitolo anali atasowa pamalopo, ndipo anabwerera atanyamula phukusi lapulasitiki lotuwa ndi fumbi. Analipukuta ndi m'mphepete mwa epuloni n'kulipereka. M'kati munali lamba watsopano, wamkulu bwino.

"Wakhala pashelefu yanga miyezi inayi ameneyu," anatero. "Anaitanitsa ndi akamwini anuwa tsiku lomwe munayamba zoimbaimba zanuzi. Iwo akuti ndikupatseni ine, ine ndikuti akupatseni okha, ndi apongozi awo. Nanga munthu n'kuyamba bwanji kuwauza a Nsanja kuti anenepa?"

"Kani mumadziwa?"

"Abale inu! Lamba wanji wolira milomo ikugwedera? Tsiku lina analira muli kumpopi mukumwa madzi."

Apa anthu anamasuka, chikhakhali chinamveka mpaka kumalo opakira malole. A Nsanja anayang'ana mkamwini.

"Ndiye mapepala a mashelefu apansi aja munali inu?"

"Ndinasowa pogwira, bambo. Kukuuzani ndimaopa, kukusiyani mupite kudenga ndimaopanso. Usiku tulo sindimagona, mwana wanu amayesa ndikuganiza za mwana akubwerayu."

"Miyezi inayi!" anatero a Nsanja, akupukusa mutu. "Nyumba yonseyi kundilemekeza mpaka kutsala pang'ono kundiika m'manda. Shelefu yachitatu sipha munthu kodi? Wakutsina khutu ndi mnansi, koma inu nonse manja munaika m'matumba. Ndipo mayi inu, chaka chonse pakamwa pali pululu, tsiku limodzi lofunika kuyankhula m'pamene munapeza chitseko?"

"Nanga inu lilime munali nalo lija simukanapempha nalo lamba?" anayankha mayiyo.

Pamenepo a Nsanja anavula lamba wakale, anavala watsopano, anakonza m'mapewa ndi m'ntchafu. Anatsegula pakamwa kuti aliyense aone kuti lilime lili phee, n'kulumikiza tizitsulo tija. Tcha! Kanali kamawu kakang'ono, kosafika n'komwe pa ka lilime kaja, koma iwo anamva mapewa awo akutsika ngati atula thumba la simenti. Anali atayiwala kuti munthu womangidwa bwino amapuma chonchi.

Mtima utakhala pansi, chilakolako cha kudenga chinabwerera nthawi yomweyo. Anatambasula dzanja mwaulemu wonse.

"Basi, zatheka. Mwamva nonse kuti walira. Akamwini, bweretsani kiyi uja ndikatsitse katundu wa anthu."

Mkamwini anayang'ana dzanjalo, anayang'ananso fomu. Wosesa uja anaimitsa tsache m'malere.

"Pepani bambo," anatero mkamwini, maso ali pa apongozi ake. "Fomu yalembedwa kale. Mayeso ena ndi Lachinayi likubwerali. Pakadali pano mukathandize kumatepi."

Kiyi uja anamuponya m'thumba la malaya n'kutseka batani.

A Nsanja anamuyang'ana nthawi yaitali. Anthu ankadikira bingu. Koma chimene anaona ndi nkhalamba ikuphethira kawirikawiri ngati m'maso mwalowa fumbi, kenako ikugwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Eya," anatero. "Ameneyu ndiye ndinamupatsa mwana wanga."

Anatembenuka n'kulunjika kutebulo la pakona, lamba watsopano ali m'thupi, chingwe chikugwedera kumsana ngati mchira. Sabata imeneyo makatoni anamatidwa mokhotakhota kuposa kale lonse, chifukwa womatayo manja ankagwiritsa ntchito pofotokoza nkhani. Ya zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ija anaisiya. Tsopano aliyense wodutsa pakonapo, wofuna kumva ndi wosafuna yemwe, ankamuimitsa n'kumulozera munthu wa fomu uja.

"Mukumuona uyo? Anandilanda kiyi ine, apongozi ake, anthu akuona. Ndinamuphunzitsa ndine."