Kazitape wa Namawaya

Namawaya anamenya tebulo mpaka timawaya tinabalalika pansi. Zaka makumi awiri akuwotcherera mabolodi a zamagetsi, lero mwamuna wa mng'ono wake amunyoze pamaso pa kasitomala? Makina oswetsa mazira amene awiriwa amapanga anali atazima okha kwa mlimi wina wa nkhuku, mazira mazana atatu n'kusukusa. Mlimiyo atabwera m'mawa ndi bolodi m'manja, mlamuyo, yemwe amalemba pulogalamu ya makinawo, sanachedwe kuloza chala: akuti manja a alamu ake ayamba kunjenjemera ndi ukalamba.

Mawuwo ankamuotcha kuposa chitsulo chake chowotcherera. Analumbira kuti dzuwa lisanapendeke aonetsa kuti vuto lili mu pulogalamu ya mkulu wolongololayo.

Anatulutsa kazitape. Ndi mmene ankatchulira kabokosi kakuda kamene kamagwira ntchito ya zipangizo zingapo: kuyeza mphamvu ya magetsi, kumvetsera zimene tchipi, ubongo wa bolodi, ikunong'oneza zinzake, kulowetsa pulogalamu, ngakhale kuiimitsa pakati n'kuisuzumira. Atamulumikiza, bolodi ija inagwira ntchito bwinobwino ngati mwana waulemu pamaso pa alendo. Ola lathunthu, osaphethira n'komwe.

Anamuzula mwaukali n'kuyatsa fani kuti mutu uzizire. Bolodi inazima. Anamubwezerapo, inadzuka, fani ikuzungulira chomwecho. Anabwereza katatu, zomwezo.

Ndiye kuti kazitape yemweyo ndi amene ankabisa mlandu. Waya wake umodzi unkagwira mwendo wa tchipi umene umaiyambitsanso. Akachoka, mwendowo unkatsala wopanda chougwira, ndipo chipangizo chilichonse chikayaka pafupi, tchipi inkagwa. Mlamu uja, ulesi wakewo, anali asanayesepo bolodi n'kamodzi komwe popanda kazitape. Namawaya anaseka mokwiya. Anali atamupeza.

Koma atatambasula pepala la mapulani kuti akamukhomere nalo pamphuno, anaona kuti pa mwendo womwewo panajambulidwa karezisita, kogwira mwendowo. Anayang'ana pa bolodi: pamalo pake panali mbee. Anakumbukira tsiku limene timarezisita timeneti tinatha m'kabati, iye n'kudziuza kuti kamodzi kokha sikangaphe munthu, bolodi ikuyaka ndithu. Mabolodi makumi anayi anatuluka choncho.

Mkwiyo sunathe, unangosowa kolowera. Akanatha kuwotchererapo kanthuko mwakachetechete, mlandu wonse n'kuukankhira kwa mlesi uja. Akanadziwa ndani? Koma makina enawo anali m'makola a anthu, mazira ali m'kati.

Mlamu analowa, kapu ya tiyi m'manja.

"Mwapeza chiyani, alamu?"

"Ndapeza kuti ndinu aulesi. Mumayesa zinthu kazitape ali pompo, kenako n'kumatukwana anthu. Pakamwa panupo mpoipa." Anamukankhira bolodi ija, chala chili pamalo opanda kanthu paja. "Manja angawa sanjenjemera, mwamva? Aka ndinakasiya dala, ndili maso. Imbirani onse amene tinawagulitsa, lero lomwe, ena asanataye mazira."

Mlamu anayang'ana kazitape. Anyani sasekana zikundu. Anaika kapu pansi n'kupita kukatenga foni.

Namawaya anakoka mpando, natenga karezisita ndi kopanira. Kanali kochepa kuposa kambewu ka tomato. Anakayandikitsa pamalo pake, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka makumi awiri, dzanja lake linanjenjemera.